Makoleji Awiri a Mwana wa a Bonaventure

Ku KwaThema mukafunsa za a Bonaventure Namakhwa, anthu amayang'anana. Koma mukati "Bona wa matayilosi," ngakhale mayi wowotcha mapazi a nkhuku pa renki ya matakisi amakulozerani njira. Ndi bambo wamfupi, wa chifuwa chotambalala, ndipo kuyankhula motsitsa sakudziwa. Akati anong'oneze, a nyumba yachitatu amamva.

Anabadwira ku Migowi, ku Phalombe, mu 1976. Bambo awo anali mtchona wa kumigodi amene anabwerera kumudzi ndi wailesi, chikhothi chofika m'maondo, ndi chifuwa chomwe sichinawasiye mpaka imfa. Sukulu a Bonaventure anailekezera Sitandade 7, chaka chomwe napolo anakwirira munda wawo ndi miyala. Anachita maganyu, anagulitsa nandolo, anayesa kabaza, koma zonse zinali zongopeza ya mchere. Mu 1998 anakwera thiraki yodzera ku Tete, m'manja muli jumbo ya zovala ndi kapepala ka adiresi ya msuweni wawo wa ku Springs.

Ntchito yoyamba ku Joni inali yodula kapinga. Pa nyumba ina yomwe ankagwirako, mmisiri wachikulire wa ku Maputo ankakonza bafa, ndipo a Bonaventure ankangosiya fosholo n'kumakasuzumira pa windo. Tsiku lachitatu mkuluyo anatopa nawo.

"Ngati maso ako akufuna ntchito, uwauze abwere ndi manja," anatero.

Anakhala naye zaka zisanu ndi chimodzi. Anaphunzira kuyala tayilosi kuti igone ngati inamera pompo, kudula ngodya ndi gilayinda osathyola, ndi kudziwa ndi phazi lokha kuti simenti yapendekera kuti. Mkuluyo pobwerera kwawo anawasiyira levulo ndi manambala a makontirakitala atatu.

Akazi awo, a Modester, anakumana nawo kukwaya ya kutchalitchi. Iwo ndi a ku Thyolo, amagwira ntchito ya m'nyumba ku Benoni, ndipo mawu amawatulutsa ngati akuwagula. Mimba ziwiri zinapita padera. Yachitatu itabala mwana wamkazi mu 2005, sanavutike kufuna dzina: Miracle. Wina sanabwerenso.

Mwanayo anakulira m'zipinda ziwiri za kuseri kwa nyumba ya a MaDlamini, akuyankhula Chizulu panja, Chingerezi kusukulu, Chichewa pakhomo. Masamu ankamukonda ngati abale ake. Ali ndi zaka khumi ndi ziwiri ndiye ankawerengera bambo ake mabokosi a matayilosi pa ntchito iliyonse yatsopano, ndipo atafika matiriki, kalasi yomaliza ya sekondale, anali atanena kale chomwe akufuna: kuphunzira zoyendetsa ntchito za zomangamanga, akhale munthu amene amabwera pa sayiti ndi pulani m'manja.

Zotsatira zinatuluka mu Januwale 2024. M'mawa umenewo a Bonaventure anali ku Boksburg, atangokandira phala lomatira chidebe chathunthu, pamene foni inalira.

"Adadi, mwakhala pansi?"

"Ndagwada. Nena!"

"Ndakhoza. Yolowera digiri. Masamu sevente-wani."

A Bonaventure anakuwa mpaka mzungu mwini nyumba anatuluka akuganiza kuti munthu wadzidula. Anamukumbatira mzunguyo ndi manja a phala, anakwera kabakhi kawo, kagalimoto kakale konyamulira zida, n'kuliza hutala kuchokera ku Boksburg mpaka pa geti ya a MaDlamini. Phala linaumira m'chidebe. Pofika masana, pa renki ponse, kusitolo ya Msomali, ndi kwa ometa tsitsi anali atamva kuti mwana wa Bona akupita ku yunivesite. Ena anamva katatu.

Chimwemwecho chitaphwa pang'ono, mavuto anaonekera. Mayunivesite a boma omwe Miracle anafunsirako malo anamuika pa mndandanda wa odikira, ndipo mndandandawo sunkasuntha. Thandizo la boma la fizi silinkamukhudza: ngakhale anabadwira m'chipatala cha konkuno, pa pepala ndi Mmalawi. Anatsala ndi makoleji awiri omwe si aboma, ndipo onse anamuvomera. Ina inali Silverpan, ku Kempton Park, pa marandi 78,000 pachaka. Ina inali Reefside, m'tauni ya Benoni, pa 41,000. Miracle anali atafufuza kale pa mndandanda wa boma n'kupeza kuti onse awiri ndi ovomerezeka, ndipo digiri yake ndi ya zaka zitatu konseko.

"Ndiye palibe nkhani," anatero a Modester. "Pepala ndi limodzi. Tipite kotchipa."

"Mayi a Miracle, tayilosi ya sikisite randi ndi ya firii handiredi zonse ndi matayilosi. Koma imodzi imasweka mukagwetsa supuni."

"Nanga inu simudandaula tsiku ndi tsiku kuti anthu amagula zodula chifukwa cha bokosi?"

Anagwirizana zokaona okha.

Loweruka m'mawa anapita ku Silverpan, tsiku lomwe kolejiyo imatsegulira makolo. A Bonaventure anavala suti yawo yabuluu, yomwe imatuluka pa maukwati pokha. Pa geti panali mabaluni, nyimbo, ndi achinyamata ovala masikipa ofanana akugawa madzi a m'mabotolo. Chitseko chagalasi chinatseguka chokha. A Bonaventure anaponda kamodzi, kawiri, n'kuima chilili pakati pa khomo, anthu akuwagunda kumbuyo.

"Mayi a Miracle," anatero. "Pansipa ndi panga."

"Mukuti chiyani?"

"Ndinayala ine! Twente sikisitini, ali maofesi a inshuwalansi. Masabata asanu, ine ndi anyamata anayi. Taonani mzerewu, kuchokera pa khomo mpaka pa masitepe, wosakhota ngakhale tsitsi!"

Anagwada ndi suti yomweyo n'kugogoda tayilosi ndi chala. Miracle anaphimba nkhope ndi kabuku ka kolejiyo. Mnyamata wa tayi yofiira, wolandira makolo, anabwera akumwetulira, nati dzina lake ndi William. Asanamalize moni anali atauzidwa kale za phala lomwe linagwiritsidwa ntchito ndi dzina la folomani.

William anawayendetsa paliponse. Kunali chipinda cha makompyuta atsopano okhaokha, oposa makumi asanu, momwe ophunzira amajambula nyumba n'kuitembenuza pa sikirini ngati ali nayo m'manja. Miracle anakhala pa mpando umodzi ndipo kumudzutsa inali ntchito. Kunali laibulale ya makapeti, malo omwera khofi, ngakhale chipinda cha masewera olimbitsa thupi. A Bonaventure ankangoti "Eish! Eish!" akujambula ndi foni chilichonse, mpaka zimbudzi.

A Modester anadikira mpaka kumapeto. Kenako anafunsa m'Chizulu chawo chapang'onopang'ono:

"Mwana wanga, amene anamaliza chaka chatha akugwira kuti?"

"Ambiri ali m'makampani akuluakulu, mama," anatero William, akuwatsegulira tsamba lodzaza zizindikiro za makampani.

"Angati?"

"Nambala yeniyeni ndilibe pano, koma ndi ambiri ndithu."

"Nanga aphunzitsi ali kuti? Sindinaone n'mmodzi yemwe."

William anafotokoza kuti lero ndi Loweruka, komanso maphunziro ena amabwera pa sikirini kuchokera ku nthambi yawo ya ku Durban, kwa akatswiri enieni. Kenako anatsitsa mawu: wolipira dipoziti lero lomwe amuchotsera zikwi zisanu.

A Bonaventure anali atatulutsa kale kachikwama. Anafufuza thumba loyamba, lachiwiri, anakhuthula malisiti a simenti pa tebulo. Khadi la kubanki munalibe. Anayang'ana akazi awo. A Modester ankayang'ana denga.

M'kabakhi pobwerera munali moto.

"Mwandichititsa manyazi pamaso pa mwana wa eni!"

"Khadilo ndinalichotsa m'mawa mukusamba. Ndakhala nanu zaka makumi awiri, bambo a Miracle. Ndimadziwa mmene mumakhalira mukaona zowala."

"Ndalama ipezeka. Ndigulitsa puloti ya ku Migowi."

Miracle, yemwe anapanikizika pakati pawo, anamva amayi ake akupuma mozama. Puloti imeneyo inali ndi maziko a nyumba ya zipinda zinayi, omwe anamangidwa pang'onopang'ono kwa zaka zisanu ndi zinayi. Ndi kumene awiriwo ankati adzakapumire maondo akadzakana.

"Mukagulitsa, ikwana zaka ziwiri," anatero a Modester. "Chachitatu mudzagulitsa chiyani? Ine?"

"Mulungu adzaona."

"Mulungu anationetsa kale. Anatipatsa makoleji awiri."

Lachiwiri onse anapempha tchuthi cha theka la tsiku n'kupita ku Reefside. Anaizungulira kawiri osaiona. Inali pamwamba pa sitolo ya mipando, khomo lake lili pakati pa malo okonzera mafoni ndi ogulitsa mapayi. Lifiti inali yakufa. Anakwera masitepe mpaka pa nsanjika yachitatu, a Bonaventure akuwerenga mokweza matayilosi osweka.

"Leveni. Thwelofu. Iyi ikugwedera. Amene anayala apa anali ataledzera kapena ankathawa apolisi. Ndiye aphunzitse mwana wanga zomanga, anthu olephera kukonza pansi pawo?"

"Nyumbayi si yathu, baba, timachita lendi. Mwini wake ndamulembera makalata asanu ndi imodzi."

Amene anayankhayo anali mayi wa zaka ngati makumi asanu, wa mpango wakuda kumutu, akukwera kumbuyo kwawo ndi chipewa cha pa sayiti m'khwapa. Nsapato zake zinali za zitsulo kumphuno, zodzaza dothi lofiira. Anati ndi a Zuleikha Moosa, mkulu wa maphunziro a zomangamanga, ndipo akuchokera kukaona maziko ku Brakpan.

Ofesi yawo inali yaing'ono moti a Bonaventure anakhala chammbali. A Zuleikha sanatulutse kabuku kalikonse.

"Ndiyambe ndi zoipa, kuti musadzanditukwane mu Juni," anatero. "Makompyuta tili nawo khumi ndi asanu, ophunzira makumi anayi. Amalimbirana. Laibulale yathu ndi mashelefu asanu ndi atatu. Magetsi akazima tilibe jenereta, timaphunzira pa windo. Ku Silverpan mwapitako?"

"Tapitako," anatero a Bonaventure monyada. "Pansi pake ndinayala ine."

"Ndiye mwaona makina awo. Ndi abwino, sindinama. Ndikanakhala nawo ndikanavina."

A Modester anafunsa funso lawo lija, mawu omwewo. A Zuleikha anatulutsa foni n'kutsegula gulu la pa WhatsApp.

"Anamaliza makumi awiri ndi atatu. Khumi ndi anayi ali pa ntchito ya zomwe anaphunzira. Atatu akugulitsa m'masitolo. Awiri ali pakhomo, mmodzi ali ndi khanda. Anayi anatuluka m'gulu, sindikudziwa komwe ali."

"Ndiye si onse," anatero a Modester.

"Si onse, mama. Amene angakuuzeni kuti onse, mumufunse mayina."

Kenako anatembenukira kwa Miracle n'kumufunsa chifukwa chake akufuna ntchito ya fumbi, mtsikana wa masamu otere. Miracle anayankha kuti anatopa kuona bambo ake akugwira ntchito kawiri chifukwa wina wa mu ofesi analakwitsa muyeso. A Zuleikha anaseka n'kumenya tebulo.

"Lachisanu lililonse ana anga sakhala m'kalasi. Amakhala pa sayiti, kuyambira chaka choyamba. Bwerani Lachisanu lino mudzaone. Koma suti musavale, baba."

Potsika, a Bonaventure anapezanso matayilosi ena awiri osweka omwe anawaphonya pokwera. Komabe Lachisanu anadzuka m'mamawa, naimbira kasitomala kuti afika masana.

Sayitiyo inali ku Brakpan, nyumba yaikulu yosungiramo katundu yokhala ndi maofesi kutsogolo. Ophunzira ovala zipewa zachikasu anali m'magulu, ena akukoka tepi, ena atazungulira folomani yemwe ankawakalipira ngati antchito ake enieni. A Zuleikha anaitana mtsikana wina woonda, wonyamula mapulani okulunga.

"Uyu ndi Upile. Anamaliza kwathu chaka chatha, pano ndi wothandizira folomani. Mufunseni chilichonse, ine ndichoke kuti asandiope."

Upile atamva dzina loti Namakhwa anamwetulira n'kupereka moni wa Chichewa chopindika. Anakulira ku Thokoza, koma agogo ake aamuna anali a ku Mangochi, anabwera kumigodi osabwereranso. A Bonaventure anamugwira dzanja nthawi yaitali, akumufunsa mudzi, mfumu, ndi mtundu, zomwe mtsikanayo sankazidziwa. Kenako nkhope yawo inasintha. Pa zaka zonsezi anali ataona achinyamata ambiri a madigiri akubwera pa sayiti ndi nsapato zoyera, osadziwa mbali yoyambira tepi. Analowa naye m'chipinda china cha ofesi chomwe chinali chisanayalidwe.

"Mwana wanga, muno mulowa mabokosi angati? Matayilosi a sayizi ya sikisi handiredi, anayi m'bokosi."

Upile sanatsegule pulani. Anakoka tepi m'litali, m'lifupi, kenako anayezanso kuchokera ngodya ina kupita ngodya ya kutsidya, kawiri.

"Pa pulani ndi makumi awiri ndi limodzi, kuphatikiza zoduladula. Koma ine ndingaitanitse makumi awiri ndi atatu, malume. Khoma ili lathawa. Kumapeto uko latsegula ndi zala zitatu, ndiye mzere womaliza mudula zambiri."

A Bonaventure anali ataliona khomalo akulowa pakhomo. Anaseka mpaka anagwira m'mimba, akuitana akazi awo.

"Mayi a Miracle! Bwerani mudzaone! Kamwana aka kaona khoma! Kaona khoma ndithu!"

Miracle ndiye anafunsa funso lina, mwakachetechete, bambo ake akali kuseka. Anafuna kudziwa ngati Upile amadziwa wina wa ku Silverpan.

"Bwana wanga wa mu ofesi anaphunzira komweko," anatero Upile. "Amalandira kuposa ine, ndipo pa kompyuta ndi mfiti. Zimene iye anaphunzira m'kalasi, ine ndinaziphunzira ndekha pa foni, ndikulira. Koma iye akabwera kuno amandifunsa ine. Ndiye sindikudziwa, sisi. Ukanakhala ndi ndalama zosawerenga, ndikanati pita uko. Ngati ndi zowerenga, bwera kuno, koma ugule laputopu yako. Za makompyuta khumi ndi asanu zija si nthabwala."

Lamulungu atabwera ku Misa, anatulutsa mipando itatu pabwalo, pansi pa mtengo wa mapichesi wa a MaDlamini. A Bonaventure anali atasinkhasinkha masiku awiri, chinthu chomwe sichichitika kawirikawiri, ndipo anayamba ndi mawu okonzekera.

"Miracle, amayi ako ali ndi maganizo awo, ine ndili ndi anga. Koma wokaphunzira ndiwe. Ukati Silverpan, mawa ndiimbira a malume ako agulitse puloti, ndipo sudzamva ine ndikudandaula. Amayi akonso avomera."

A Modester anagwedeza mutu kamodzi. Zinali zoona: anavomera dzulo lake, atalira.

Miracle anathyola katsamba.

"Makompyuta aja ndinawalota, adadi," anatero. "Sindinama. Koma ndawerenga. Kupita ku Kempton ndi matakisi atatu, ku Benoni awiri, ndipo ndizikwera limodzi ndi amami. Kusiyana kwa fizi pa zaka zitatu ndi ndalama yoposa handiredi sauzande. Ndadzifunsa kuti ndalama imeneyo ikundigulira chiyani. Makina, eya. Koma makina ndingagule anga. Khofi ndi makapeti sindikazitenga pomaliza. Ndipo chimene ndikuopa kwambiri ndi kuyamba kokongola n'kulekeza chaka chachiwiri. Pepala la theka silipezetsa ntchito."

"Ndiye ukuti Reefside."

"Ndikuti Reefside. Ndikufuna kuona khoma ngati Upile."

A Bonaventure anayang'ana pansi. Atayankhula, kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya pabwalopo, a nyumba yachiwiri sanamve.

"Ine ndimangofuna uziyenda pa matayilosi anga. Uzilowa m'mawa n'kumati, apa anayala adadi."

"Adadi, theka la dera lino la East Rand ndi matayilosi anu. Kuchipatala ndimayenda pa inu, ku molo ndimayenda pa inu. Mundisiyireko pena poti ndidzayale ine."

A Modester anaseka, kuseka kwenikweni kotulutsa mano, ndipo a Bonaventure anadzuka ngati walumidwa ndi linthumbu.

"Chabwino! Reefside! MaDlamini, tulukani mumve! Mwana wasankha yekha, ndipo wasankha ngati injiniya!"

Mawa lake analipira dipoziti. Mwezi womwewo inali nthawi ya a Modester kulandira chipereganyu cha amayi a kutchalitchi, ndipo ndalama yonse inapita ku laputopu, yogwiritsidwapo kale ntchito koma yamphamvu, yomwe Upile anawathandiza kusankha. A Bonaventure anagula nsapato za zitsulo, sayizi folo. Anayenda masitolo asanu asanapeze zazing'ono choncho, ndipo m'sitolo iliyonse anafotokoza chifukwa chake.

Chaka choyamba sichinali chofewa. Sitiraka ya matakisi inamujombetsa Miracle masiku atatu. Phunziro la malamulo a makontirakiti analephera, n'kulembanso mu Julaye. Tsiku lina anabwera akulira chifukwa folomani wina anamutuma kukaphika tiyi, anyamata akuyeza maziko. A Bonaventure anafuna kupita komweko ndi kabakhi, koma a Modester anawakhazika pansi, ndipo sabata yotsatira Miracle anakana yekha tiyiyo pamaso pa onse.

Mu Meyi foni ya a Bonaventure inalira ali pa ntchito ku Springs. Anali a Zuleikha.

"Baba Namakhwa, Lachisanu ana anga akuphunzira za pansi. Ine ndikhoza kuwajambulira pa bolodi, koma sindinayalepo tayilosi ngakhale imodzi. Mungabwere maola awiri? Tikulipirani ngati mphunzitsi wobwera."

"Ngati chiyani?"

"Mphunzitsi."

Masiku atatu otsatira pakhomo panalibe mtendere. Anayeserera pamaso pa akazi awo, pamaso pa a MaDlamini, pamaso pa galasi. Anapempha Miracle awalembere mawu a Chingerezi pa katoni. Koma Lachisanu, ataima pa sayiti ya ku Brakpan, achinyamata makumi anayi atawazungulira, katoniyo inagwera m'chidebe cha madzi asanawerenge mzere woyamba. Anaiyang'ana, anayang'ana ophunzirawo, n'kugwada.

"Sondelani," anatero m'Chizulu, kuwauza asendere pafupi. "Vulani magolovesi. Gwirani simentiyi."

Anaphunzitsa m'Chizulu, m'Chingerezi chothyoka, ndipo pamene mnyamata wina anaponda tayilosi yongoyalidwa kumene, m'Chichewa chenicheni cha ku Phalombe. Anawaonetsa kuyambira pakati pa chipinda osati kukhoma, kupesa phala mbali imodzi, ndi kukana ntchito ngati simenti isanaume, ngakhale bwana akalipe bwanji. Aliyense anayala yake imodzi. Ya Miracle anaizula kawiri.

"Adadi!" anadandaula motsitsa.

"Kuno kulibe adadi. Yalanso."

Maola awiri anakhala anayi. Pomaliza ophunzirawo anawomba m'manja, wina akuimba mluzu, ndipo a Bonaventure anatembenuka kumakatsuka zida zomwe zinali zotsuka kale. Envelopu ya malipiro sanaitsegule. Ili m'Baibulo la a Modester mpaka lero, ndipo a Zuleikha amawaitana chaka chilichonse.

Pano Miracle ali chaka chomaliza. Tchuthi cha Disembala chapitachi anagwira pa kampani yomwe Upile amagwirako, ndipo amuuza kuti akamaliza adzabwere adzayankhule nawo. Si lonjezo, a Modester amakumbutsa aliyense, koma a Bonaventure anauza kale pa renki ponse.

Chinanso chinasintha pakhomopo. Januwale akafika, Amalawi a ku KwaThema, ena mpaka a ku Katlehong, amabwera ndi timabuku ta makoleji kudzafunsa nzeru, ngati kuti pa geti pali chikwangwani. Sabata yathayi kunabwera a Haruna, mlonda wa pa fakitale ya ku Germiston, ndi mwana wawo wamkazi wofuna unamwino, atanyamula timabuku tiwiri tonyezimira. A Bonaventure sanatitsegule n'komwe.

"Achimwene, mapepala awa anajambula ndi anthu odya bwino. Mawa muli pa shifiti yanji?"

"Ndikuweruka sikisi m'mawa."

"Ndiye seveni ndikupezani pa geti. Tikayambira kodulako, tikamalizira kotchipako, ndipo konseko tikapempha nambala ya mwana mmodzi amene anamaliza. Mayi a Miracle, mawa mupita nafe?"

"Ndili ndi zochapa za eni ake."

"Apempheni theka la tsiku! Ofunsa mafunso ndinu, ine ndimangoyendetsa galimoto."

A Modester anapukuta manja pa chitenje, natenga foni kukaimbira abwana awo.